Bwato, Chombo ndi Sitima pa Nyanja ya Malaŵi

Munthu wa kumtunda akafika koyamba pagombe la Nyanja ya Malaŵi amaona ngati wafika pothera dziko. Kwa anthu obadwira m'mphepete mwa madziwo nkhani ndi ina. Kwa iwo nyanja inali njira, ndiponso njira yaikulu kuposa zonse m'dziko muno pa nthawi imene kunalibe msewu, njanji kapena mlatho. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580, m'mimba mwake pena mumakwana makilomita 75, ndipo chakumpoto kuli malo akuya mamita 700. Pamadzi amenewa payenda bwato losema, chombo cha matanga ndi sitima. Mabuku a mbiri amakonda kusimba za sitima chifukwa eni ake analemba maina ndi masiku ake. Za bwato amangokhudza pang'ono, chonsecho ndilo linayamba, ndipo ndilo likadali lochuluka pamadzi kufikira lero.

Dzina lakuti Anyanja likuchitira umboni kuti ubale wa anthu ndi madzi amenewa ndi wakalekale. Akatswiri ofukula zakale anapeza kuti ku Nkope, m'boma la Mangochi, kunali kale midzi ya anthu odziwa kusula zitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Chitsulo chimabala nkhwangwa, ndipo pamene pali nkhwangwa, mtengo waukulu ndi madzi odzala nsomba, bwato silichedwa kubadwa. Pofika nthawi imene Kalonga ankalamulira Amaravi ali ku Mankhamba, kufupi ndi kumwera kwa nyanja, kupha nsomba ndi kuolotsa anthu zinali ntchito zozolowereka.

Bwato limayambira m'nkhalango, ndipo luso loyamba la mmisiri linali kudziwa mitengo. Ankafuna mtengo wowongoka, wonenepa, wopanda mphako, umene suola msanga m'madzi. Mbawa, chonya, mlombwa ndi mtondo inali mitengo yotamandika pa ntchitoyi. Nsangu nayo ankasemera bwato chifukwa ndi yofewa, koma bwato lake silikhalitsa. Mtengo woyenera sunkapezeka pafupi nthawi zonse. Kawirikawiri unali m'khwawa kapena m'tsinde mwa phiri, ulendo wa maola angapo kuchokera kugombe. M'madera ambiri mtengo wotere sankangoufikira ndi nkhwangwa ayi. Ankayamba apempha kwa mwini dziko, ena nathira nsembe patsinde pake, pakuti mtengo umene waona mibadwo itatu kapena inayi sugwetsedwa ngati chitsamba.

Mtengo ukagwa, mmisiri ankauyang'ana bwino kuti aone mbali imene idzakhale pansi. Kenaka ankasadza pamwamba, nasongola mutu ndi kumbuyo komwe, nayamba kukumba m'kati ndi nkhwangwa ndi nsompho. Apa ndi pamene pankaonekera mmisiri weniweni. Analibe chingwe choyezera kapena chithunzi chojambula papepala. Kuchindikala kwa nthiti za bwato ankakumva pogogoda ndi khutu lake komanso posisita ndi zikhatho, dzanja lina m'kati, lina kunja. Akasiya nthiti zochindikala kwambiri, bwato linkalemera nilitopetsa opalasa. Akapitiriza kusema, linkang'aluka likagunda mwala. Mbali imodzi ikalemera kuposa inzake, bwato linkapendekeka moyo wake wonse, ndipo dzina la mmisiriyo linkapendekeka nalo limodzi. Pansi ankasiya pochindikala dala, kuti kulemera kukhale m'munsi ndi kuti bwato lisaperepeseke msanga polikokera pamchenga tsiku ndi tsiku.

Kutsitsira bwato kunyanja inali ntchito ya mudzi wonse, poti mutu umodzi susenza denga. Mwini bwato ankafulula mowa naitana amuna. Iwo ankalimanga ndi luzi kapena zingwe za mitengo yoyanga, nayala zipika pansi kuti lizigudubuzika, nalikoka ndi nyimbo kutsika mapiri ndi kuoloka makwawa. Ulendo wotere unkatha masiku. Likafika pagombe ankalitsiriza bwino, ndipo ambiri sankalola kuti likhudze madzi lisanatsirikidwe ndi mankhwala.

Yemwe wayerekeza bwato la panyanja yaikulu ndi la kuchigwa cha Shire kapena la ku Chilwa amaona kusiyana msanga. La ku Chilwa ndi la m'madambo a Shire limakhala lotseguka pakamwa, ndipo pamalo osaya amaliyendetsa ndi nsungwi kapena mtengo wautali wokankhira pansi. La panyanja yaikulu lili ndi mimba yotakata koma pakamwa popapatiza, milomo yake yopindikira m'kati. Mlendo amadandaula kuti mulibe pokhala, osadziwa kuti kupapatizako ndiko kumabweza funde kuti lisadzaze bwato. Opalasa amakhala pamilomo, miyendo ili m'kati, nkhafi zawo zikulowa m'madzi nthawi imodzi, ndipo wakumbuyo ndiye amawongolera. Mnyamata woyamba ntchito amapatsidwa chokapira madzi. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse. Mwana ankaphunzira posewera ndi kachipika m'madzi osaya, nagubuduzika kambirimbiri, mpaka thupi lake linazolowera kuyenda pamodzi ndi funde.

Komabe kupalasa ndi gawo laling'ono chabe la luso la panyanja. Gawo lalikulu ndi kudziwa mphepo, ndipo anthu a kunyanja anazipatsa maina monga momwe timatchulira anthu. Mwera umachokera kumwera chakuvuma, ndipo umalamulira nyanja m'nyengo yozizira, kuyambira cha m'Meyi mpaka cha m'Ogasiti kapena Seputembala. Popeza umaomba motsata kutalika kwa nyanja, mafunde ake amakhala ndi mtunda wautali wokulira, kotero kuti pofika chakumpoto amakhala ngati zulu zoyenda. Ukayamba umatha masiku angapo osaleka, ndipo asodzi amakokera mabwato kumtunda nakhala pansi kusoka maukonde. Mpoto umachokera kumpoto, makamaka m'nyengo ya dzinja, ndipo umabwera ndi mitambo yakuda ndi ziphaliwali. Vuma imachokera kum'mawa, zambwe kumadzulo. Palinso kamphepo kamene kamatsika kumtunda usiku kulowera kunyanja, ndi kena kamene kamachokera kunyanja masana kulowera kumtunda. Msodzi wochenjera amapita ndi koyambako nabwerera ndi kachiwiriko.

Msodzi wakale ankadzuka m'mamawa nayang'ana mtundu wa madzi, mitambo imene yakhala pansonga za mapiri, ndi kauluko ka mbalame. Mzere wakuda ukaoneka patali pamadzi, ankadziwa kuti mphepo ili m'njira ndipo ankatha kuyerekeza nthawi imene itafike. Ankasiyanitsa mtambo wa mvula ndi mtambo wa nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'madzi ngati utsi wa lupsa. Malo a nsomba pakati pa nyanja, pamene palibe mtengo kapena mwala wooneka, ankawasunga m'mutu polunjikitsa zizindikiro za kumtunda: nsonga ya phiri ili ikakhala kumbuyo kwa mlambe uja, ndipo mbali inayi chilumba chikabisa dooko lakuti, ndiye kuti wafika. Atonga a ku Nkhata Bay amapeza motere miyala ya pansi pa madzi imene amaitcha virundu, pamene utaka umasonkhana. Usiku nyenyezi zinkamuuza njira ndi nthawi, ndipo nthanda ikatuluka ankadziwa kuti kunja kuli pafupi kucha.

Usodzi wa usiku ndiwo umaonetsa bwino mgwirizano wa mabwato. Pa masiku amene kumwamba kulibe mwezi wowala, bwato limodzi limatsogola ndi kuunika kokopa usipa. Kale ankayatsa miuni ya bango ndi udzu, pambuyo pake kunabwera nyali za parafini zopopa, ndipo lero ambiri amagwiritsa ntchito mababu a batire. Munthu wa m'bwato limeneli, amene asodzi amamutcha siginala, ayenera kudziwa pamene nsomba zaunjikana ndi kumene madzi a pansi akulowera. Akapereka chizindikiro, mabwato ena awiri amaponya chilimira mozungulira nakokera pamodzi. Akachedwa pang'ono kapena akalakwitsa kayendedwe ka madzi, ukonde umakwera wopanda kanthu. Ulusi wa maukonde akale unkapotedwa pantchafu kuchokera ku luzi la mitengo monga bwazi, ndipo ukonde umodzi unkadya miyezi yambiri. Ulusi wa nayiloni unafala kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Mlendo woyamba kulemba mwatsatanetsatane za ukali wa nyanjayi anali David Livingstone. Iye anaiona koyamba mu Seputembala 1859, ndipo m'chaka cha 1861 anabweranso ndi John Kirk ndi mng'ono wake Charles, atanyamulitsa boti la nkhafi zinayi ndi thanga kulambalala mathithi a Shire. Analowa m'nyanja kumayambiriro kwa Seputembala, nthawi imene mphepo inali isanagone. Tsiku lina namondwe anawapezerera patali ndi gombe, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera, ndipo anakhala pa nangula maola 6 akuyang'anizana ndi mafunde, anthu a kumtunda akuwaonerera ngati anthu otayika kale. Kuyambira pamenepo anaphunzira kumvera eni dziko ndi kukokera boti kumtunda usiku uliwonse. Iye ndiye anaitcha nyanja ya anamondwe. Anafika cha kudera la Nkhata Bay nabwerera osaona kothera kwake.

Pa nthawi imeneyo n'kuti bwato litapeza kale mnzake pamadzi. Cha m'ma 1840 Mswahili wina wa malonda, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo iye ndi omulowa m'malo ankadziwika ndi dzina laulemu lakuti Jumbe. Anthu amenewa anabwera ndi luso la ku Nyanja ya Mchere ya India, lokhoma chombo cha matabwa chimene Aswahili amachitcha dau. Mu 1863 Livingstone anapeza chombo chotere chikukhomedwa ku Nkhotakota cholowa m'malo mwa china chimene chinasweka, ndipo analemba kuti chinali cha mafiti 50 m'litali, 12 m'lifupi ndi 5 kuya kwake. Kumeneku ndi kutalika kwa mamita 15. Palibe mtengo umodzi umene ukanapereka bwato lotakata chomwecho. Kukula kwa bwato kumathera pamene pathera mimba ya mtengo, pamene chombo cha matabwa chimakula monga momwe mmisiri wafunira.

Tiyeni tione pang'ono m'mene chombochi chinkayendera. Amisiri ankayala msana pansi, naimika nthiti za mitengo yokhota, nakhomerapo matabwa, ndipo m'mipata ankatsekamo thonje lonyika m'mafuta. Pakati ankaimika mlongoti waufupi. Pamlongotipo ankapachika mtanda wautali wopendekeka, ndipo pamtandawo ankamanga thanga la nsalu looneka ngati la ngodya zitatu. Thanga lotere silidikira mphepo yochokera kumbuyo yokha. Limagwira bwino mphepo yochokera m'mbali, ndiponso limatha kuyenda mopingasa pang'ono ndi mphepo yochokera chakutsogolo. Tsono taonani m'mene nyanja yathu inagonera. Inatalika kuchokera kumwera kupita kumpoto, ndipo mphepo zake zazikulu, mwera ndi mpoto, zimatsata kutalikako. Choncho chombo chooloka kuchokera kuzambwe kupita kuvuma chinkalandira mphepo m'nthiti popita ndi pobwerera pomwe. Nyanja inali ngati inapangidwira thanga limeneli.

Chomvetsa chisoni ndi katundu amene luso lokongolali linanyamula. Zombo za Jumbe zinkachoka ku Nkhotakota kupita ku Losefa, tsidya la kuvuma, zitadzala minyanga ya njovu ndi anthu. Kuchokera kumeneko akapolo ankayenda pansi ulendo wa miyezi kupita ku Kilwa, ambiri nafera m'njira. Pobwerera zombozo zinkatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi onga, ndipo mfutizo zinkakagwiranso anthu ena. Livingstone anauzidwa ndi kazembe wa Angerezi ku Zanzibar kuti akapolo 19,000 ochokera kudera la nyanjayi ankadutsa pamsonkho wa kumeneko chaka chilichonse. Si onse amene anaoloka pa chombo, pakuti ena ankadzera kumwera kwa nyanja ndipo ena ankaolotsedwa m'mabwato pamalo opapatiza. Pamenepa tisalikometsere bwato: nalonso linanyamulako akapolo. Koma chombo chinasandutsa kuolotsa anthu kukhala malonda aakulu, ndipo mwini chombo anasanduka mwini njira. Eni zombo ankadziwa bwino mphamvu imeneyi. Mu 1866 Livingstone atafika kugombe la kuvuma nafuna kuoloka, anamubisira chombo poopa kuti angachitenthe, ndipo anachita kuzungulira wapansi kumwera kwa nyanja.

Chimene chinathyola mphamvu ya chombo chinali sitima, chifukwa sitima siipempha chilolezo kwa mphepo. Pa 12 Okutobala 1875 sitima yaing'ono yotchedwa Ilala inalowa m'nyanja motsogozedwa ndi E. D. Young, muli Robert Laws ndi amishonale anzake a ku Scotland. Mabuku amatchula maina a azunguwo. Tikumbukirenso amtengatenga mazanamazana amene anasenza zidutswa za sitimayo pamutu kulambalala mathithi a Shire, nazifikitsa zonse kumtunda kwa mathithiwo kumene inalumikizidwanso. Sitima imodzi ya amishonale sinathetse ukapolo, ndipo zombo zinapitirizabe kuoloka kwa zaka zina pafupifupi makumi awiri. Nkhondo yeniyeni inabuka boma la atsamunda litakhazikitsidwa mu 1891. Mfumu Makanjira ya Ayao, kugombe la kumwera chakuvuma, inali ndi zombo zake, ndipo Harry Johnston anazindikira kuti kugonjetsa mfumuyo kunali kuwononga zombozo. Mu Disembala 1891 Kaputeni Cecil Maguire anapita pa sitima ya Domira kukatentha zombo za Makanjira. Anazitenthadi, koma mphepo inauka, sitimayo inatitimira pamchenga, ndipo iye anaomberedwa nafa asanakwerenso. Mu 1893 panyanja panafika sitima za mfuti, ndipo pofika 1895 Jumbe wotsiriza anali atachotsedwa pampando ndi kutumizidwa ku Zanzibar.

Nyanja yokha sinasinthe khalidwe poona chitsulo. Pa 2 Seputembala 1895 Bishopu Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene, anali pa ulendo wa ku Nkhotakota ndi Likoma m'boti lachitsulo la matanga. Namondwe analigubuduza usiku chakufupi ndi gombe la Salima. Bishopuyo ndi mnzake Joseph Williams anamira, pamene amalinyero achikuda anasambira nafika kumtunda. Manda a Maples ali ku Nkhotakota, ndipo sitima imene inayamba kuyenda mu 1901 inatchedwa dzina lake. Tsoka loposa linagwa pa 30 Julayi 1946, pakati pa nyengo ya mwera, pamene sitima yatsopano ya Vipya, itangoyenda maulendo owerengeka, inagubuduzika chakumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Chitimba. Anthu 145 anafa, ambiri a iwo ali m'chipinda cha pansi. Pa tsiku la mphepo yotero msodzi wa bwato sakadayerekeza kuchoka pagombe. Iye alibe ndandanda ya maulendo yomukakamiza, ndipo anakula akumva kuti mtsinje wa tinkanena unathera mu siizi. Ilala imene tikuidziwa lero inayamba ntchito mu 1951.

Ukapolo utatha, thanga silinathe. Ana a amalinyero a Jumbe ndi a Makanjira, amene ambiri anali Anyanja ndi Ayao, anasunga lusolo nalipatsa ntchito yabwino. Zombo zinayamba kunyamula chimanga, chinangwa, nkhuni, nsomba zouma ndi anthu a pa ulendo. Pazilumba za Likoma ndi Chizumulu, pamene nthaka ndi yochepa ndipo nkhuni ndi chakudya zimachokera tsidya la Mozambique, maboti a matanga akhala akuoloka kufikira m'zaka zathu zino, ena thanga lake losokedwa ndi matumba a fetereza kapena a ufa. Injini ndiyo ikuwachotsa pang'onopang'ono, pakuti wamalonda wa lero safuna kugona padooko masiku awiri kudikira mphepo.

Nanga bwato linapulumuka bwanji pakati pa zonsezi? Chombo chimafuna matabwa, misomali, nsalu ndi gulu la amalinyero. Sitima imafuna mafuta, dooko lakuya ndi boma kapena kampani yoisamala. Bwato limafuna mtengo, mmisiri ndi mapewa. Limakocheza pamchenga uliwonse, limalowa m'bango ndi m'matsiriro a mitsinje, ndipo likang'aluka mwini wake amalimata yekha ndi kachitini ndi phula. Munthu wosauka amatha kukhala nalo. Ndicho chifukwa chake ngakhale ku Mpwepwe, m'boma la Mangochi, kunakhazikitsidwa malo okhomera maboti a matabwa, ndipo maboti a injini achuluka m'madooko, usipa ndi utaka wambiri umene timadya umafikabe kumtunda mothandizidwa ndi bwato losema.

Mdani amene akulipha bwato tsopano ali kumtunda. Mbawa ndi chonya zonenepa zimene zinali m'makwawa a m'mphepete mwa nyanja zinatha ndi macheka, makala, minda ndi nkhuni zowambira nsomba, ndipo zotsala zili m'nkhalango zotetezedwa ndi lamulo. Mtengo wokwanira bwato lalikulu umakula zaka zambiri kuposa zimene woubzala angadikire. Motero amisiri a lero akusema mango, malaina ndi bulugamu, mitengo imene agogo awo sakanaiyang'ana kawiri. Bwato lake limakhala laling'ono, limamwa madzi, ndipo limaola patangopita zaka zochepa, mwini wake nayambanso kufunafuna mtengo wina. Chonsecho nsomba za kufupi ndi gombe zachepa, kotero kuti msodzi akukakamizika kupita kutali kwambiri ndi bwato lofooka kuposa la atate ake, kumalo kumene mwera ukamupeza sangathe kuthawira kumtunda. Pamadooko ambiri tsopano mabwato amamangidwa kumbuyo kwa boti la injini madzulo, nakokedwa mondondozana kupita pakati pa nyanja, opalasa ake atakhala chete, nkhafi zili pamiyendo.